Tisamangofunsa kumene katundu wachokera, tizifunsanso kumene wadzera

Pali funso limodzi limene limamveka tsiku ndi tsiku m'magolosale, m'maokala ndi pa mabenchi a m'misika yathu, kuyambira ku Limbe mpaka ku Karonga. Wogula amanyamula botolo, paketi kapena kachipangizo ka magetsi, n'kukatembenuza kawiri katatu, kenako n'kufunsa kuti, "Kodi zimenezi ndi zakuti?" Wogulitsa akayankha kuti, "Za ku Joni izi mayi, orijino," nkhani imathera pomwepo ndipo ndalama imatuluka. Akati ndi za ku China, wogula amayamba kunenerera mtengo, popeza mumtima mwake waweruza kale kuti chinthucho sichikhalitsa. Akati ndi zopangidwa konkuno, ambiri amabwezera pa shelefu mwaulemu n'kufunsa ngati palibe zina. Mwa mayankho atatuwa palibe ngakhale limodzi limene lanenapo kanthu za zimene zili m'kati mwa botololo, za tsiku limene zinapangidwa, kapena za munthu amene tingakamupeze ngati mwana wadya n'kudwala usiku womwewo.

Chizolowezi chimenechi, choyeza ubwino wa katundu ndi dzina la dziko, chikutiika pa ngozi, ndipo chikupeputsira ntchito anthu amene amayenera kutiteteza. Chimene chimasiyanitsa katundu wodalirika ndi wokayikitsa ndi njira imene wadzera: ngati walowa pa chipata chovomerezeka, ngati alipo amene anamuyeza, ndiponso ngati pali munthu wodziwika dzina ndi malo amene angayankhe mlandu zinthu zikalakwika.

Maganizo a ogulawa ali ndi kumene anachokera, ndipo n'kulakwa kuwanyoza. Agogo athu amene ankapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi ku Theba ankabwerako ndi mabulangete okhuthala, njinga, mawailesi ndi masutikesi achitsulo, ndipo zina mwa zinthuzo zinatha zaka makumi angapo zikugwirabe ntchito, mpaka mudzi wonse unaphunzira kuti chinthu cholimba chimachokera kum'mwera. Mpaka lero mabasi ochokera ku Johannesburg amafika pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza ngolo zawo zitadzaza, ndipo katundu wa m'menemo amalandiridwa ndi ulemu womwe uja. Mbali inayi, pafupifupi aliyense wa ife anagulapo tchaja imene inafa isanathe sabata, kapena nsapato imene inakanuka pa mvula yoyamba. Choncho munthu akamasankha nsapato ya pa kaunjika, yovalidwa kale ku Ulaya, n'kusiya yatsopano ya m'sitolo, akutsatira zimene moyo wamuphunzitsa. Koma phunzirolo ndi loperewera. Mafakitale a ku China amapanganso mafoni ndi makompyuta amene akugulitsidwa m'masitolo odula a ku London ndi ku Tokyo. Wamalonda wathu akafika ku Guangzhou, kapena akangothera pa msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, amauzidwa mitengo yosiyanasiyana ya zinthu zooneka chimodzimodzi, ndipo ndi iyeyo amene amasankha yotsikitsitsa, podziwa kuti kwathu kuno kawirikawiri palibe amene akamufunse. Tikamatukwana dziko lakutali, mwini wake wa chisankhocho timamusiya atakhala phee kuseri kwa kauntala.

Amene amakhulupirira kuti chilichonse cha ku South Africa ndi chotetezeka akumbukire zimene zinachitika mu 2017 ndi 2018. M'dzikolo munabuka matenda a listeriosis, amene anagwira anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200, kuphatikizapo ana ambiri ongobadwa kumene amene anatengera matendawa kwa amayi awo ali m'mimba. Pa 4 Malichi 2018, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti gwero lake linali poloni wopangidwa pa fakitale ya Enterprise ku Polokwane, ya kampani yaikulu ya Tiger Brands. Kachilombo ka listeria n'koopsa chifukwa kamaswana ngakhale mufiriji, ndipo poloni ndi chakudya chimene timadya chosaphika. Dziko la Malawi, pamodzi ndi Zambia, Mozambique, Botswana ndi Namibia, linaimitsa kulowa kwa nyama zamtunduwu. Poloni ameneyu sanali wa pa benchi ya kumsika. Anali wa m'masitolo oziziritsa bwino, wokutidwa mokongola, amene makolo opezako bwino ankaikira ana awo pa buledi wopita naye kusukulu, ali ndi mtima wonse kuti akuwapatsa chabwino koposa. Akuluakulu ananena kale za chikomekome cha mkuyu, kuti m'kati muli nyerere.

Komabe nkhani yomweyi ikutiphunzitsa chinthu china chimene ambiri sachiona. Poloni uja anatheka kuchotsedwa pamsika m'masiku ochepa chifukwa anali ndi dzina, fakitale yake inkadziwika, ndipo masitolo amene ankamugulitsa anali ndi mapepala osonyeza kumene anamutenga. Chimodzimodzinso mu 2021, pamene juwisi wa maapozi wa Ceres anachotsedwa m'masitolo a m'mayiko angapo chifukwa cha poizoni wa patulin amene amachokera ku nkhungu ya zipatso zowola, komanso pamene zitini pafupifupi 20 miliyoni za ndiwo zamasamba za KOO ndi zina zinaitanitsidwanso ku fakitale chifukwa cha vuto la msoko wa zitinizo. Pa nthawi ngati imeneyo wogula amauzidwa manambala ndi masiku oti ayang'ane pa paketi, ndipo amene wagula kale amadziwa choti abweze. Katundu wodzera njira yolongosoka amalakwikanso, koma kulakwika kwake kumalondoleka. Chigubu cha mafuta ophikira chimene chawoloka malire pa njinga pakati pa usiku sichingaitanitsidwenso ndi wina aliyense, ngakhale chitapezeka ndi poizoni, chifukwa pa mapepala a boma chigubucho kulibe.

Kudzera pa chipata kokha sikukwanira ngati pa chipatapo palibe woyeza. Mu 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira ku Gambia impso zawo zitasiya kugwira ntchito, ndipo bungwe la World Health Organization linachenjeza za mankhwala anayi amadzi a chifuwa ndi chimfine opangidwa ndi kampani ya Maiden Pharmaceuticals ya ku India, amene anapezeka ndi poizoni wotchedwa diethylene glycol ndi ethylene glycol. Mankhwalawo sanazembetsedwe, analowa ndi mapepala, koma dzikolo linalibe labotale yoti iwayeze asanafike kwa ana. India yemweyo ndi amene amapanga mankhwala ambiri abwino amene akupulumutsa miyoyo m'zipatala zathu, kuphatikizapo otalikitsa moyo. Amene angamve nkhani ya ku Gambia n'kutsimikiza kuti mankhwala onse a ku India ndi oipa walakwitsa, ndipo amene angatsimikize kuti mapepala a pa chipata ndi okwanira walakwitsanso.

Kwathu kuno mabungwe oyenera alipo. Bungwe loona za miyezo ndi ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards (MBS) linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lili ndi ndondomeko yoyendera katundu wolowa m'dziko. Lamulo loteteza ogula linakhazikitsidwa mu 2003. Pali Competition and Fair Trading Commission yolandira madandaulo, pali Pharmacy and Medicines Regulatory Authority yoona za mankhwala, ndipo bungwe la Consumers Association of Malawi lakhala likulankhula m'malo mwa ogula kwa zaka zambiri. Vuto lalikulu ndi mmene malire athu alili. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu akudziwa kuti m'malo ena msewuwo ndiwo malire enieni, moti pa Lizulu munthu amagula tomato ku Malawi n'kuwoloka msewu kukagula mafuta ku Mozambique. Ku Mulanje, ku Mchinji ndi ku Karonga nako njira zachidule n'zosawerengeka. Anthu a m'malirewa ndi achibale, amakwatirana ndi kuikirana maliro, ndipo palibe wanzeru amene angafune kuti malonda a pakati pawo aphedwe. Koma pali kusiyana pakati pa mayi amene wagula botolo limodzi la pakhomo pake ndi wamalonda amene akuwolotsa makatoni mazanamazana n'kukadzaza holoselo mumzinda.

Nkhani ya Frozy inaonetsa bwino mmene ogula amaganizira. Mu 2016 bungwe la MBS linaletsa chakumwa chimenechi, chochokera ku Mozambique, ponena kuti asidi wa citric anali wopitirira mlingo wovomerezeka, ndipo chiletsocho chinadzachotsedwa pambuyo pake. Chimene chinandikhudza pa nthawiyo ndi zimene anthu ankayankhula m'maminibasi ndi m'misika. Ambiri sankakhulupirira kuti nkhaniyo inali ya umoyo. Ankati ndi nsanje chabe, kuti akuluakulu akufuna kuteteza makampani a zakumwa a m'dziko muno chifukwa chakumwa chotsika mtengocho chinawalanda msika, ndipo ankapitiriza kugula mobisa. Kaya ankalondola kaya ankalakwa, mfundo yofunika ndi yakuti chenjezo la bungwe la boma linagwera pa makutu osakhulupirira. Chenjezo limene anthu salikhulupirira siliteteza munthu, ndipo tsiku limene kudzabwere poizoni weniweni, anthu omwewo adzati ndi nsanje yomwe ija. Kukhulupirirana kumeneku sikungabwere ndi kuopseza. Kumabwera pamene bungwe likuonetsa poyera zimene lapeza, m'chilankhulo chimene anthu akumva, komanso pamene likuoneka kuti limagwira wopanga wa m'dziko muno ndi dzanja lomwelo limene limagwirira wakunja.

Tiyeni tiyang'ane pafupi mmene anthu ambiri amagulira mafuta ophikira. Madzulo, mayi amafika pa benchi ndi ndalama yokwanira ndiwo za tsikulo. Wogulitsa ali ndi chigubu chachikasu cha malita 20, chimene pepala lake linamatuka kalekale, ndipo amatunga ndi kachivindikiro n'kuthira m'kapepala ka pulasitiki, n'kumanga kamfundo. Timapepala tina tamangidwa kale ndipo takhala pa dzuwa kuyambira m'mawa. Mayiyo alibe choti awerenge. Sangadziwe ngati mafutawo ndi amene analidi m'chigubumo pochokera ku fakitale, ngati anasakanizidwa ndi ena okazingira kale tchipisi, kapena ngati ali ndi vitamini A amene malamulo athu amafuna kuti aziikidwa m'mafuta ophikira ndi mu shuga, monganso ayodini mu mchere. Ngozi ya zinthu zotere si yogwetsa munthu tsiku lomwelo. Mchere wopanda ayodini umakoma chimodzimodzi, koma pakapita zaka zotsatira zake zimaoneka pa khosi lotupa ndi chithokomiro komanso pa mwana amene ubongo wake sunakule bwino. Wogula amene amayeza chakudya ndi lilime ndi maso sangazindikire zimenezi ngakhale atakhala wochenjera chotani.

Pa katundu wosadyedwa ndili ndi umboni wanga. Ndinagula ekisitenshoni ya mabowo anayi pa msika wina, yoyera bwino, ya m'katoni yolembedwa kuti imapirira mphamvu yambiri ya magetsi. Tsiku lina tikusita zovala tinamva fungo la pulasitiki wopsa, ndipo titayang'ana kuseri kwa mpando tinapeza chingwe chitafewa ngati phula, utsi ukutuluka pang'onopang'ono pafupi ndi nsalu ya pa zenera. Nditachidula chingwecho ndinapeza kuti kukhuthala kwake konse kunali pulasitiki, ndipo m'kati munali timawaya towerengeka, topyapyala ngati tsitsi. Pa katoni panalibe dzina la fakitale kapena la amene anaitanitsa katunduyo, ndipo wogulitsa anangoti naye anapikula kwa ena. Ndimaganizira nyumba zambiri zimene zingwe zotere zili kuseri kwa mabedi a ana, ndiponso misika yathu imene imapsa kawirikawiri usiku anthu n'kutaya mpamba wawo wonse.

Pali amene amati yankho ndi kuphunzitsa ogula kuti aziwerenga zolembedwa pa paketi ndi kuyang'ana tsiku lothera ntchito. Uphungu umenewu ndi wabwino, ndipo amene angathe autsatire, pakuti safunsa anadya phula. Koma tisadzinamize kuti ndiwo ungathetse vutoli. Mabisiketi, maswiti ndi timadziti tambiri timene ana amagula pa geti ya sukulu talembedwa m'Chipwitikizi, m'Chiarabu kapena m'Chitchaina. Tsiku lothera ntchito limafufutidwa ndi sipiriti n'kudindapo lina, ndipo wogula wamba sangasiyanitse. Kuposa zonsezi pali umphawi. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera kwambiri moti mabanja ambiri funso lawo linasanduka lakuti agula chiyani ndi ndalama imene ili m'manja, osati chabwino ndi chiti. Munthu wotere akagula chotsika mtengo chokayikitsa, nthawi zambiri amadziwa ndithu kuti n'chokayikitsa. Kumuuza kuti asamale kuli ngati kumusenzetsa katundu amene amayenera kusenzedwa ndi woitanitsa katunduyo, mwini holoselo, ndi ofesala wa pa chipata amene amalandira malipiro ochokera ku misonkho ya munthu yemweyo.

Ena amapita mbali ina n'kunena kuti tingotseka zipata, tizidya zathu. Mu Malichi 2025 boma linaletsa kuitanitsa zinthu zingapo kuchokera kunja, monga ufa, mpunga, mkaka, chiponde, uchi, madzi a m'mabotolo ndi machesi, ndipo mwezi wotsatira dziko la Tanzania linabwezera potsekera katundu wathu mpaka mayiko awiriwa atakambirana. Cholinga cha chiletsocho chinali kusunga ndalama zakunja ndi kuteteza opanga a m'dziko muno, ndipo imeneyo ndi nkhani yoyenera kukambidwa payokha. Chimene ndikukana ndi kusakaniza nkhani imeneyo ndi ya chitetezo cha chakudya, ngati kuti chinthu chikapangidwa pa Kanengo kapena pa Makata ndiye kuti chayera. Ndondomeko ya Buy Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 2016, ndimaigwirizana nayo, koma kukonda dziko sikuchotsa chuku mu mtedza.

Chuku ndi chitsanzo chimene chiyenera kutichititsa mantha kuposa katundu aliyense wakunja. Poizoni wa aflatoxin, amene amachokera ku chuku, amapezeka mu mtedza ndi chimanga chimene sichinaume bwino kapena chasungidwa pachinyezi, ndipo chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti usavute kusenda chimawonjezera vutoli. Poizoniyu satha ndi kuphika kapena kukazinga, amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mtedza wathu unavutikira kulowa pa misika ya ku Ulaya. Chowawa n'chakuti mtedza wabwino ukasankhidwa kuti ugulitsidwe, wotsalira wonyala uja ndi umene umasinjidwa kukhala nsinjiro za pakhomo ndi za phala la mwana. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku chimene ambiri anadzilimira okha. Ku Zambia mu 2024 boma linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa ndipo ufa wa makampani angapo unapezeka ndi poizoniyu wopitirira mlingo. Zaka za njala timagula chimanga kwa anansi athu omwewa, ndipo chimanga cha ku Chipata ndi cha ku Mchinji sichisiyana pa maso. Choyezera n'chimene chingatiuze chimene chili chabwino.

Zimene ndikupempha si zachilendo. Katundu aliyense wodyedwa, wodzola kapena wolumikiza ku magetsi azikhala ndi dzina ndi keyala ya amene anamulowetsa m'dziko muno, ndipo holoselo imene yapezeka ndi katundu wopanda mwini iziyankha mlandu ngati kuti inapanga yokha. Oyendera azilimbikira m'maholoselo ndi m'nyumba zosungiramo katundu za ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kumene makatoni amafikira, m'malo molanda katundu wa mayi wa pa benchi amene mpamba wake wonse ndi chigubu chimodzi. Zotsatira za kuyeza zizilengezedwa pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, potchula dzina la katundu amene walephera ndi amene wapambana, chifukwa kuotcha mulu wa katundu pamaso pa atolankhani popanda kutchula mayina sikumuthandiza wogula kudziwa choti apewe mawa. Ifenso ogula tizolowere kupempha lisiti ndi kukadandaula, ngakhale chinthucho chili cha ndalama zochepa, popeza dandaulo limodzi limatha kuulula kontena yonse.

Pali mbali ina imene sitiikamba kawirikawiri, ndiyo ya zipatala. Ku South Africa gwero la listeriosis linadziwika chifukwa akatswiri a National Institute for Communicable Diseases ankafunsa odwala zimene anadya ndi kuyeza tizilombo topezeka m'magazi awo, ndipo njira inatseguka mu Januwale 2018 pamene ana asanu ndi anayi a pa sukulu ya mkaka ku Soweto anadwalira limodzi n'kutengeredwa ku chipatala cha Chris Hani Baragwanath. Oyendera zaumoyo anapita pa sukulupo, anatenga poloni amene anawo anadya, ndipo analondola mpaka ku fakitale. Kwathu kuno mwana akatsegula m'mimba kapena kusanza, timathokoza akapatsidwa thanzi ndi mankhwala n'kuchira, ndipo paketi ya chimene anadya imakhala itatayidwa kale kudzala. Ndikufuna kuti pa Queen Elizabeth, pa Kamuzu Central, pa Mzuzu Central ndi pa zipatala za m'maboma, ana angapo a dera limodzi akabwera ndi zizindikiro zofanana, dokotala kapena namwino azifunsa chimene anadya ndi kumene chinagulidwa, ndipo pakhale ofesi yodziwika imene yankholo lizitumizidwa tsiku lomwelo kuti woyendera apite kukatenga paketiyo isanatayidwe.